Ba Sitima ndi Mapapo a Atate Anga

Mwezi uno chatha chaka chiwaikire ba Yotamu Njobvu, amene kwathu kuno ku Mpanshya aliyense ankawatchula kuti ba Sitima. Pamaliro awo analankhula amuna okhaokha, ndipo ananena zomwe zimanenedwa pamaliro alionse: anali munthu wabwino, wokonda mapemphero, wosakangana ndi anthu. Ine ndinaweramitsa mutu kubisa kuseka. Ba Sitima osakangana ndi anthu? Munthu uja akanatha kukangana ndi chitsa mpaka chitsacho kupepesa. Ndiye ndati ndilembe za ba Sitima enieniwo, amene popanda iwo amayi anga sakanakhala pakhomo pomwe ali lero.

Dzinalo linachokera pa kapumidwe kawo. Asanatulukire pamphambano, munkayamba mwamva chifuwa chawo chikulira, kenaka ndiye n'kuona chipewa. Njinga anali nayo, koma ankaikwera potsetsereka pokha. Pachitunda ankaikankha, n'kuima, n'kuitsamira, n'kuyambanso. Dzinalo sankadana nalo. Ankati sitima imachedwa koma imafika, pamene basi yothamanga ija imathera kuphompho ku Manenekera.

Anagwira ntchito zaka zambiri pansi pa mgodi ku Kopabeliti, kuboola thanthwe ndi makina. Atabwera kudzakhala kuno anabwera ndi bokosi lachitsulo, wailesi, ndi matenda omwe madokotala amati silikosisi. Iwo ankangoti mwala. Ankafotokoza kuti fumbi la thanthwe likalowa m'mapapo silitulukanso, mapapowo amauma pang'onopang'ono ngati chikopa choiwalika padzuwa, ndipo palibe jakisoni kapena muzu wochotsa mwalawo. Ankaseka okha akakumbukira kuti ali anyamata ankamwa mkaka wambiri pokhulupirira kuti umatsuka fumbi. Ankati mkakawo unanenepetsa masaya okha, popeza njira ya mkaka ndi njira ya mpweya sizinakumanepo.

Chomwe chinawasiyanitsa ndi anzawo ena obwera kumigodi n'chakuti iwo ankalidziwa lamulo, ndipo ankalilalikira kuposa katekisimu. Lamulolo, mmene ankalinenera iwo, linali lotere. Munthu amene anagwirapo ntchito m'fumbi la mgodi ali ndi ufulu wokayezedwa chifuwa ku ofesi ya madokotala a migodi, ngakhale anasiya ntchito kalekale. Akamupeza ndi mwala, amalandira chipukuta misozi mwezi ndi mwezi. Akamwalira asanayezedwe, mapapo ake akhoza kuchotsedwa n'kutumizidwa komweko, ndipo mwalawo ukapezeka, mkazi ndi ana ndiwo amalandira. Koma zonsezi zimafuna nambala ya kumgodi, kalata yosiyira ntchito ndi mtchatho wa ukwati. Wina akapsa mtima n'kunena kuti akasumira kampani kukhoti, ba Sitima ankamubweza. Ankati khoti lilipo ndithu, koma woweruza saweruza chifuwa, amaweruza pepala, ndiye uyambe wapeza pepala la madokotala, za maloya uziganiza pambuyo.

Iwowo pepala lawo analipeza kale, ndipo kandalama kawo kankabwera. Akanatha kukhala pansi n'kumadya mwakachetechete. M'malo mwake ankazungulira midzi, kuchokera kuno mpaka ku Rufunsa, nthawi zina kukwera minibasi kukafika ku Chinyunyu, kufunafuna amuna okhosomola. Anzawo akumgodi sankawapatsa moni ndi maina koma ndi manambala awo a ntchito, omwe anawasunga onse pamtima. Ena ankakwiya, amvekere ife si ng'ombe zapadibi. Ba Sitima ankayankha kuti dzina lako amalidziwa amako, koma ofesi imadziwa nambala.

Tsiku lina m'tchalitchi, nthawi ya zolengeza, anaimirira osapemphedwa n'kunena kuti amuna onse amene anakhosomola ulaliki uli mkati atsale panja pamtengo, wawawerenga ndipo alipo asanu ndi awiri. Mpingo unafa ndi phwete, abambo mfumu anangogwira pachipumi. Anakangananso ndi amayi ophwanya miyala m'mbali mwa msewu waukulu, kuwauza kuti azithira madzi pamiyala asanaphwanye ndi kuchotsa ana kumsana. Amayiwo anawafunsa ngati iwo ndiwo azikatunga madziwo. Nkhani ya amayi amenewa inkawapweteka, chifukwa analibe nambala, analibe owalemba ntchito, ndipo lamulo lomwe ankalikondalo silinkawaona n'komwe.

Koma mkangano wawo waukulu unali ndi atate anga, a Eliyasi Tembo. Awiriwa anagwira ntchito gulu limodzi pansi, ndipo ankakondana mwa njira yawoyawo, yotukanizana. Atate ankaopa kuyezedwa. Manthawa anawatenga kumgodi komweko, kumene munthu akalephera poyezedwa ankachotsedwa ntchito yapansi. Amuna anaphunzira kubisa chifuwa, ndipo atate anapitiriza kubisa ngakhale panalibenso ntchito yoti ataye. Ankati wopita kukayezedwa ndiye amabwerako ndi matenda.

Ba Sitima anawalembera okha kalata yopempha tsiku lokayezedwa, yankho n'kubwera. Patapita masabata awiri anafika pakhomo pathu, ndipo atapuma kokwanira kuti mawu atuluke anafunsa.

"Iwe Eliyasi, kalata ija ili kuti?"

"Nakulungilamo fodya," atate anayankha. "Pepala yabwino maningi, siizima."

"Boma ikuitana kuti ikaone chifuwa chako, iwe ukoka kalata yake kungenesa mu chifuwa chamene icho! Awe mwandi, muzimu wako unagona."

"Iwe unayenda kupimiwa, manje unapola?"

"Sininapole. Koma nikafa, mukazi wanga amake Joyisi sazapempha mchele pa anthu."

Atate anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, ba Sitima nawonso chinawagwira, ndipo anakhala pamenepo akukhosomola mopikisana, amayi akupukusa mutu pamtondo.

Atate anayamba kudwala kwenikweni chaka chotsatira chilala chija tinadya chimanga chachikasu. Anaonda, anayamba kutuluka thukuta, mpweya unkawathera akangoyenda kufika kunkhokwe. Kuchipatala cha mishoni anawapeza ndi chifuwa chachikulu n'kuwapatsa mankhwala, koma thupi silinabwerere. Zaka zimenezo munthu akaonda chotero anthu sankafunsa zambiri, ankangoti ndi kaliwondewonde. Ndipo poti amayi ankapita ku Lusaka kukagulitsa mtedza, abale a atate anagwirizana kuti matendawo anabwera ndi iwo. Mkulu wawo wa atate, ba Gidiyoni, ananena poyera m'bale wawo akali moyo kuti maliro akadzatha, mlamu wawo adzanyamule mphika wake abwerere kwawo, munda ndi nyumba yamalata zidzatsale m'manja mwa eni mbumba. Amayi kwawoko kunalibenso aliyense. Tinalipo ana anayi, ine Tisa woyamba, wotsiriza akali kuyamwa chala.

Atate anamwalira m'chipatala m'mawa wa Lachiwiri. Dzuwa lisanafike pamutu, ba Gidiyoni anali atabwera ndi amuna anayi ndi ngolo kudzatenga thupi. Ife tinakhala pansi pamtengo panja pa chipatala tikulira. Kenaka tinamva kupuma kuja kukubwera.

Ba Sitima sanayambe ndi kupepesa maliro. Anapita molunjika kwa amayi, n'kugwada movutikira, n'kunena kuti thupi lisachoke, adokotala ayambe achotsa mapapo. Anali atalankhula kale ndi adokotalawo, amene anavomera kuchita tsiku lomwelo ngati mkazi wa malemu adinda chala papepala.

Sindidzaiwala mmene ba Gidiyoni anaimirira. "Mubale wanga anabwela pa dziko wathunthu, azayenda wathunthu. Si mbuzi iyi yakuti muitumbule. Ndipo thupi ni yathu ise, si ya mukazi."

Kwathu munthu saikidwa chiwalo china chitatsala kunja. Akuluakulu amati woikidwa motero sagona, amabwerera kudzafuna chake, ndipo amayambira pa amene analoleza. Amayi ankakhulupirira zimenezi, inenso pang'ono ndinkakhulupirira. Amuna aja anayamba kung'ung'udza, wina n'kunena kuti mwina ba Sitima amagulitsa ziwalo kwa azungu.

"Akabwela kufuna mapapo yake, mumulangize nyumba yanga," ba Sitima anatero. "Tizakambisana, tinali gulu imodzi. Ba Gidiyoni, imwe mukamba kuti uyu muzimai ndiye anapaya mubale wanu. Ine nikamba kuti ni mwala wa mugodi. Umodzi wa ise anama. Lekani chifuwa chikambe cheka. Muyopa chani?"

Ba Gidiyoni anati saopa kanthu, koma mwambo ndi mwambo. Apo ba Sitima anawasiya n'kutembenukiranso kwa amayi, ndipo mawu omwe ananena anali owawa, moti ndinawada nthawi imeneyo.

"Amake Tisa, lilani, koma mvelani. Mukamushika mu manda so, mwashika na mboni yanu. Mailo aba bazakupishani pa nyumba, ndipo kulibe azakamba kuti munalibe mulandu. Eliyasi anakana kupimiwa ali moyo, anakusiyani pa mavuto. Lelo sangakane. Nthawi ni ino, dzuwa ikangena kwasila."

Amayi anali chikhalire pamtengo paja. Alamu awo aakazi anali atawazungulira, wina akuwatsina pantchafu kuti asayerekeze. Kenaka amayi anadzuka, anamanga chitenje, n'kulowa m'chipatala osayang'ana munthu. Ine ndinawatsatira. Asisitere anawawerengera pepalalo, anawagwira dzanja n'kuliika pa inki. Nambala ya atate ya kumgodi palibe m'banja mwathu amene ankaidziwa, mapepala ambiri anapita ndi fodya. Ba Sitima anaitchula ali pakhomo, osaganiza kawiri.

Thupi tinalitenga madzulo. M'mawa mwake, anthu atadzaza pamaliro, ba Gidiyoni anachita chinthu chomwe mpaka lero ndimavutika kuwakhululukira. Nthawi yoona nkhope anamasula mabatani a malaya a atate n'kuonetsa anthu msoko wautali wochokera pakhosi kutsika, amvekere onani zomwe wachita mkazi uyu. Amayi anaona msokowo n'kukomoka. Atatsitsimuka, mkwiyo wawo sunapite kwa ba Gidiyoni koma kwa ba Sitima. Anati anawaumiriza mtima uli pamoto, anawachititsa kuti mwamuna wawo asokedwe ngati thumba la chimanga. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kuwapatsa moni. Akawamva akubwera ankalowa m'nyumba, kutchalitchi ankatulukira khomo lina.

Ba Sitima sanadandaule. Chomwe anachita n'kupita kwa akuluakulu a mpingo ndi a mudzi kukapempha chinthu chimodzi: amayi asachotsedwe pakhomo mpaka yankho la madokotala litabwera. Ba Gidiyoni anavomera chifukwa anali otsimikiza kuti yankholo lidzawakomera iwo. Motero tinakhala m'nyumba yathu ngati alendo oyembekezera basi. Amayi ankalima munda osadziwa ngati adzakolola ndi iwo. Kuchitsime akazi ena ankatsuka chikho amayi akamwera.

Yankho linachedwa, miyezi inakwana khumi ndi isanu. Ba Sitima anapita ku Kopabeliti kawiri ndi chifuwa chawo chija, ulendo wa masiku awiri kupita kokha, kugona pabenchi pasiteshoni ya basi ku Lusaka. Ulendo woyamba anawabweza kuti mtchatho wa ukwati ulibe chidindo. Anabwera, anakadinditsa kumishoni, anadikira kuti apezenso mphamvu, n'kubwereranso. Popeza amayi sankawalankhula, zonse zinkadzera mwa ine. Ndikataya mtima ankandiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ofesi ndi nkhono yaikulu kuposa zonse. Ankandiphunzitsanso kuti pepala lililonse ndizilikopera pamanja ndisanalipereke, ndiponso ndizifunsa dzina la kalaliki amene walilandira. Ulendo wachiwiriwo anabwerako atatheratu, anagona m'chipatala sabata yathunthu. Akazi awo, amake Joyisi, anandipeza pakhonde n'kundiuza mosabisa kuti banja lathu liwaphera mwamuna. Ankanena zoona.

Kalata itafika, ba Sitima sanaibweretse kunyumba. Anadikira Lamulungu, Misa itatha, anthu ali panja. Anaitana ba Gidiyoni mwaulemu wonse, anandipatsa ine kalatayo kuti ndiwerenge m'Chingerezi, iwo n'kumamasulira chiganizo chimodzichimodzi, akupuma pakati. Madokotala anapeza silikosisi yokhwima m'mapapo onse awiri, ndipo chifuwa chachikulu chija chinamera pamwamba pake. Mkazi wa malemu ndi ana ake anali oyenera kulandira chipukuta misozi, m'dzina la mkaziyo.

"Mwamvela, ba Gidiyoni? Mubale wanu anamupaya ni mwala. Kapena mukambe kuti mulamu wanu ndiye ananyamula mwala ku Lusaka mu thumba ya nshawa."

Anthu anaseka, ba Gidiyoni anavala chipewa n'kuchoka. Za kuchotsa amayi pakhomo sizinamvekenso. Ndalamazo sizinali zambiri, ndipo mitengo ya zinthu zaka zimenezo inkakwera ngati ikuthawa moto, koma zinakwanira feteleza ndi sukulu ya ang'ono anga. Choposa ndalama chinali chakuti amayi anayambanso kuyenda mutu uli m'mwamba, ndipo chikho chawo chinasiya kutsukidwa.

Mungaganize kuti tsiku limenelo amayi anathamanga kukagwada kwa ba Sitima. Simukuwadziwa amayi anga. Manyazi anawagwira kuposa mmene unawagwirira mkwiyo. Munthu amene wamuzemba chaka ndi miyezi umayamba bwanji kumulankhula? Anayamba kutumiza zinthu: nkhuku, mtedza wokazinga, maungu oyamba. Ba Sitima ankalandira n'kundiuza kuti ndikanene kuti nkhukuyo yapereka moni bwino, koma akudikirabe mwini wake. Amayi akamva ankati adzapita tikakolola. Tikakolola ankati adzapita akapeza shuga woti anyamule. Zaka zitatu zinatha choncho, anthu awiri okalamba akutumizirana nkhuku ndi nthabwala, makomo awo atatalikirana mtunda woti mwana amafika phala lisanazizire.

Chaka chathachi, nyengo yozizira, njinga ya ba Sitima inasiya kutuluka. Ndinapita kukawaona ndipo ndinawapeza atakhala tsonga, atatsamira thumba la chimanga, chifukwa akagona chagada mpweya sunkalowa. Anandifunsa za mwamuna wina wa ku Chinyunyu amene mapepala ake anali asanathe, n'kundipatsa nambala yake kuti ndiilembe. Kenaka anafunsa ngati amake Tisa shuga uja anamupeza. Ndinakawauza amayi madzulo omwewo, ndipo anati mawa m'mawa apita, shuga kapena wopanda shuga. Anachapa chitenje chawo chatsopano n'kuchiyanika. M'mawa tinadzutsidwa ndi kulira kochokera kwa a Njobvu.

Ba Sitima sanang'ambidwe, popeza pepala lawo linalipo kale ndipo amake Joyisi sanafunikire mboni ina. Ba Gidiyoni anati taonani, wodulitsa anzake wapita wathunthu. Ndinkaganiza za akazi amasiye asanu amene anakhala pamodzi kumbuyo kwa bokosi la maliro, ena ochokera kutali, amene palibe anawaitana. Aliyense wa iwo anali ndi nkhani yonga yathu. Ine ndikuthokoza, ndipo ndikunena mosabisa: denga lomwe amayi anga akugonamo, dzina lawo loyera, ndi sukulu ya ang'ono anga, zonsezi tinazilandira kuchokera kwa munthu amene analibe ngakhale mpweya wokwanira iye mwini.

Amake Joyisi anatengedwa ndi mwana wawo ku Kafue, ndipo pakhomopo sipakhalanso munthu. Chitseko chinamangidwa ndi waya. Udzu wa denga la khitchini wayamba kugwera mkati, nkhokwe inapendekeka, ndipo mapapaya akupsa n'kugwa okha, mbuzi za eni ake n'kumadya. Amuna okhosomola akumabwerabe, ena atanyamula maenvulopu, n'kuima pabwalo kuyang'ana uku ndi uku mpaka wodutsa awauze. Ena amawalozera kwa ine, ndipo ndimachita zomwe ndingathe, koma manambala ine sindiwasunga pamtima.

Bwalo lokha ndi lomwe silinamere udzu. Loweruka lililonse m'mawa amayi amatenga tsache n'kupita. Tsiku lina ndinawatsatira chapatali osandiona. Atafika m'mphepete mwa bwalo anaima, anaika tsache pansi, anagwada n'kuomba m'manja katatu kuyang'ana chitseko chomangidwa ndi waya chija.

"Odi kuno. Mwauka bwanji, ba Njobvu? Ndine amake Tisa, nabwela."

Anadikira pang'ono, monga amachitira munthu wopereka mpata woti ayankhidwe. Kenaka anatola tsache n'kuyamba kusesa.